Kalata kwa makolo potsekera telemu: za ulendo wathu wa ku siteshoni ya Brixton

Okondedwa makolo ndi nonse amene mukulera ana athu,

Ndikhulupirira muli bwino konse komwe muli. Telemu yatha, tatsekera Loweruka lapitali, ndipo ndiyambe ndi kukuthokozani chifukwa kudzutsa mwana m'mawa wa Loweruka kuti akaphunzire Chichewa, inuyo mutangoweruka kumene ku shifiti yausiku, si chinthu chapafupi ayi. Malipoti tawapatsa anawo m'manja, muwafunse.

Koma chomwe ndatengera cholembera kwenikweni ndi ulendo uja tinapita nawo ku Brixton, dera la mu mzinda wa London, poti ena munkafunsa kuti kusiteshoni ya sitima mwana akaphunzirako chani. Sitinapite ku siteshoni ya pansi pa nthaka ija, tinakwera masitepe a inayo ya pamwamba, ya pa Atlantic Road, pomwe pansi pake pali msika. Titangofika papulatifomu kamtsikana kena ka kalasi ya ang'onoang'ono kanapita kwa munthu amene anaima chapatali kukamupatsa moni, "muli bwanji", monga tawaphunzitsira, ndiye munthuyo duu osayankha, kenaka kanamugwira dzanja nkupeza kuti ndi chitsulo. Ndi ziboliboli za mkuwa, zazitali ngati ine ndi inu, zangoima ngati zikudikira sitima, zikwama zili pambali.

Anazipanga ndi mmisiri wina dzina lake Kevin Atherton mu 1986, ndipo anazitcha Platforms Piece. Sanapeke nkhope za m'mutu mwake, anatenga anthu atatu enieni a m'deralo, Peter Lloyd, Joy Battick ndi Karin Heistermann, nkuumba potengera matupi awo. Awiri oyambawo ndi akuda, ndipo bungwe la Historic England, lomwe linaika zibolibolizi m'kaundula wa zinthu zotetezedwa mu 2016, limati zikuoneka kuti ndi ziboliboli zoyamba za anthu akuda a ku Britain kuikidwa poyera mu England muno. Zinachotsedwapo kukazikonza, nkubwerera mu 2023, ndipo pobwerapo mmisiri yemwe uja anawonjezera china chachinayi, mayi Joy omwewo koma atakula tsopano, patapita zaka zoposa 35. Ana anakhala nthawi yaitali akuyerekeza nkhope ziwirizo, ya utsikana ndi ya ukulu, wina mpaka anati zikufanana ndi zithunzi za agogo ake za mu alubamu.

Mnyamata wina wa kalasi yaikulu ndi amene anafunsa funso lomwe ndakhala nalo mpaka lero. Anati, "Aphunzitsi, anthuwa anachita chani kuti awapangire chiboliboli?" Mwanayu anali ndi chifukwa, poti makolo ake anamutengerako ku Trafalgar Square, bwalo la pakati pa London, kukaona chiboliboli cha John Chilembwe chija anapanga Samson Kambalu, chinaikidwa mu 2022, ndiye iye amadziwa kuti chiboliboli ndi cha ngwazi basi. Ndinamuyankha kuti awa sanamenye nkhondo, sanalamulire dziko, ankangokhala ku Brixton, kugwira ntchito, kukagula zamasamba pamsika nkudikira sitima ngati mmene amachitira amayi ako m'mawa uliwonse kukadali mdima. Anangoti chete, kenaka nkunena kuti ndiye kuti amayi angathenso kuumbidwa eti. Ine mumtima munandizizira, makolo anzanga, chifukwa ana athuwa amakuonani mukutuluka ndi yunifomu ya ntchito ndi chikwama cha chakudya, koma sindikudziwa ngati wina anawauzapo kuti moyo umenewo ndi woyenera kuujambula.

Ndiye ntchito ya pa holide yachokera pomwepo. Mwana aliyense ajambule munthu mmodzi wa mumsewu, wamba, ali pa ntchito yake kapena akudikira basi, ndipo pansi pake alembe ziganizo zisanu m'Chichewa zonena kuti munthuyo ndi ndani, wanyamula chani, akupita kuti. Amene mukupita kumudzi holide ino muli ndi mwayi waukulu, kaya ndi wakabaza, kaya mayi wa mandasi ali ndi chidebe pamutu, kaya kondakitala wa minibasi pa depoti ya Limbe akuitanira anthu, mwanayo akhale pansi awone bwinobwino asanayambe kujambula. Amene mutsale kuno, msika wa pafupi ndi kwanu ndi wokwanira. Chonde asatole munthu chithunzi pa foni osapempha, ndipo kupemphako kukhale kwaulemu.

Pempho langa lalikulu lili kwa inu eni. Mwana akakuuzani kuti ndikufuna ndijambule inuyo, musamukanize kuti ndatopa kapena sindinavale bwino. Mukhale momwe mulili, ndi jekete la kuntchito lomwelo, mphindi khumi zokha, ndipo akamajambula muzimuuza m'Chichewa za ulendo wanu wa tsiku ndi tsiku, mawu ovuta mumuthandize kulemba koma chojambulacho chikhale cha dzanja lake.

Titsegulira Loweruka lachiwiri la Seputembala, nthawi yomweyo. Zojambulazo abwere nazo zosapinda chifukwa tikufuna kuzimata mondondozana pakhoma la holo kuti makolo mudzaziwone. Amene muli ndi makatoni aakulu kunyumba musataye, tidzawafuna pomatira.

Ine wanu,
Mphunzitsi wamkulu