Za chithunzi cha amayi pansi pa mtengo wa mango

Achimwene,

Moni kuchokera kuno kumudzi. Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Manchester ndipo chisanu sichinakufooleni. Kuno tilipo, apabanja akuperekanso moni.

Chithunzi munatumiza pa WhatsApp chija ndachiona, cha amayi atakhala pansi pa mtengo wa mango. Mwafunsa kuti mungachipente bwanji ndi penti wa mafuta kuti mtima wawo uoneke, komanso kuti mtengowo usakhale ngati chinsalu chija amapachika kumbuyo m'situdiyo yojambulira zithunzi. Yankho langa ndi lakuti mtengowo uyenera kuonekera pakhungu pawo. Khungu lakuda limatenga kwambiri mtundu wa zinthu zoyandikana nalo. Munthu akakhala pamthunzi wa mango, pamphumi ndi pamwamba pa masaya pamagwa kuwala kwa thambo, kwa buluu pang'ono. M'mbali mwa nkhope, chakumakutu, mumalowa kubiriwira kwa masamba. Pansi pa chibwano ndi m'khosi mumabwerera kufiira kwa dothi. Mitundu itatuyi ikapezeka pankhope, woona amakhulupirira kuti amayi alidi pansi pa mtengowo. Mukapenta nkhope yabulauni yokhayokha kenako n'kuzunguliza masamba, zimakhala zithunzi ziwiri zomatidwa pamodzi.

Mukapeza mpata yang'anani chithunzi chomwe Vincent van Gogh, wopenta zithunzi wa ku Netherlands, anadzipenta yekha mu 1889 ali ku Saint-Rémy ku France, chomwe chili ku Musée d'Orsay ku Paris. Jekete lake ndi kumbuyo kwake ndi mtundu umodzi wa buluu wobiriwira, ndipo mizere ya burashi kumbuyoko imazungulira ngati kamvuluvulu pomwe nkhope ili phee. Kusakhazikika kwa mtima wake kuli m'mizere imeneyo kuposa m'maso. Kehinde Wiley, wopenta zithunzi wa ku America, anatenga njira ina pa chithunzi cha Barack Obama cha mu 2018 chomwe chili ku National Portrait Gallery ku Washington: pakati pa masamba anaikamo maluwa oimira Chicago, Hawaii ndi Kenya. Njira ya Wiley imafuna kuti woona auzidwe tanthauzo la maluwawo. Kwa amayi ine ndingasankhe ya Van Gogh, poti imamveka popanda womasulira.

Tsono ntchito yake. Kanivasi (nsalu yopentapo) ya masentimita 50 ndi 60 ikwanira, mutu ukhale masentimita 20 mpaka 23 kuchokera pachibwano kufika paliwombo, usapose mutu weniweni. Ngati nsaluyo sinakonzedwe kale, ipakeni gesso (chopaka choyera chotchinjiriza nsalu) katatu, mukupala pang'ono ndi sandipepa wosalala gawo lililonse likauma. Mafuta a linseed, omwe amakhala m'pentiyo, akalowa m'nsalu yopanda gesso amaoletsa ulusi pakapita zaka. Kenako sungunulani raw umber (penti wabulauni) ndi turpentine (mankhwala osungunulira penti) akhale wamadzimadzi, pakani kanivasi yonse, pukutani ndi kansanza, musiye masiku 2. Musayambe pa nsalu yoyera. Kuyera kwake kumanamiza diso, khungu limaoneka loderapo kuposa mmene lilili, inu n'kumangoonjezera penti woyera mpaka nkhope kutuwa ngati yopakidwa phulusa.

Penti asachuluke. Kuwonjezera pa raw umber uja: titanium white (woyera), yellow ochre (wachikasu), burnt sienna (wabulauni wofiirira), burnt umber (wabulauni woderapo), ultramarine blue (wabuluu), alizarin crimson (wofiira woderapo) ndi cadmium red (wofiira wowala) pang'ono. Wakuda musagule. Burnt umber ndi ultramarine zikasakanizidwa mofanana zimatulutsa mdima wamoyo womwe mutha kuupendeketsa kukhala wofunda kapena wozizira, pomwe wakuda wa m'chubu amapha khungu. Woyera wotchedwa zinc white mupeweninso, amauma mouma gwa n'kuyamba kung'aluka. Wobiriwira wa masamba a mango muzipanga nokha ndi ultramarine ndi yellow ochre, poti masamba okhwima a mango ndi oderapo, ndipo anthete amakhala ofiirira. Kamphukira kamodzi kofiirira pafupi ndi tsaya kamagwirizana bwino ndi burnt sienna wa pakhungu.

Musanakhudze burashi, sakanizani ndi kampeni milu 5 ya mtundu wa khungu, kuyambira woderatu mpaka wowala. Pamulu uliwonse patulani kagawo, kena muthire buluu pang'ono, kena wobiriwira, kena wofiira. Lembani mutu ndi umber wochepa: maso ali pakati penipeni pa mutu, ndipo pakati pa maso awiri pamakwana diso lina limodzi. Yambani ndi mithunzi, penti wake akhale wopyapyala mpaka mtundu wa pansi uja uzionekera. Powala ndi pomwe mumaika penti wokhuthala, ndipo mukaika osamubwerezabwereza. Kusisita malo amodzi kambirimbiri ndi komwe kumasandutsa mitundu kukhala matope.

Mtima wa munthu uli m'malo ang'onoang'ono kwambiri: kumene nsidze zimayambira pafupi ndi mphuno, mmene chikope chapamwamba chaphimbira diso, ndi ngodya za milomo. Mukakweza ngodya ya mlomo ndi mamilimita 2 okha, amayi otopa asanduka amayi onyodola. Choncho malo amenewa muwasiye mpaka kumapeto, muwapente ndi burashi yaing'ono, ndipo mukatha kulemba kamodzi bwererani mmbuyo mamita 2 mukaone. Choyera cha diso si choyera, makamaka pamthunzi. Chipenteni ndi woyera wosakaniza ndi mtundu wa khungu ndi buluu pang'ono. Kadontho koyera kwenikweni ndi kamodzi kokha m'diso lililonse, mbali yomwe kuwala kukuchokera. Makwinya musawalembe ngati mizere yakuda. Khwinya lili ndi mbali yamdima ndi mbali yowala, ndipo atatu kapena anayi osankhidwa bwino amanena zaka zawo kuposa onse pamodzi.

Malire nawonso ndi ofunika. Mbali yowala ya nkhope ikhale ndi malire akuthwa, koma mbali yamthunzi, pamodzi ndi duku ndi phewa, zisungunukire m'masamba mpaka osadziwika pothera munthu ndi poyambira mtengo. Izi zimatheka bwino mukapenta nkhope ndi kumbuyo tsiku limodzi, penti onse akadali anyowa. Ngati mukufuna kuonetsa bata, mizere ya burashi m'masamba itsike pansi monga masamba a mango amalendewera. Ngati mukufuna nkhawa, idutsane.

Chithunzi cha foni musachikhulupirire chonse. Foni imasalaza khungu, imadetsa mithunzi mpaka bii, ndipo ikajambula pafupi imakuza mphuno. Pemphani achemwali akujambulireni zina zingapo ataima mamita 2 kapena 3, mmawa kapena chakumadzulo, osati dzuwa lili paliwombo.

Za mafuta: gawo lililonse lapamwamba likhale ndi mafuta ambiri kuposa lapansi. Zosungunulira penti wa gawo loyamba zikhale muyezo 1 wa linseed pa miyezo 3 ya turpentine, lachiwiri 1 pa 2, lomaliza 1 pa 1. Penti wa mafuta sauma chifukwa chouluka madzi, amauma pokoka mpweya, ndipo wamafuta ambiri amachedwa. Mukaika wouma msanga pamwamba pa wochedwa, wapansi amapitiriza kusuntha n'kung'amba wapamwamba. Ma umber amauma tsiku limodzi kapena awiri, koma alizarin, cadmium ndi titanium white atha kutenga sabata kapena kuposa, ndiye m'nyumba yozizira ndi yachinyezi ngati za kwanuko onjezerani masiku. Mukaona malo oderapo athimbirira atauma, ndiye kuti gawo lapansi lamwa mafuta. Pakanipo linseed wochepetsetsa ndi kansanza koyera, pukutani wotsala, mtundu ubwerera.

Tsegulani zenera mukamagwiritsa turpentine, ngakhale kuzizire. Ndipo nsanza zonyowa ndi linseed musaziunjike m'bini, zimatentha zokha mpaka kuyaka moto. Ziyanikeni motambasula panja kapena ziviikeni m'chitini cha madzi chotseka.

Vanishi, chopaka chomaliza choteteza penti, adikire miyezi 6, ndipo ngati penti ndi wokhuthala, chaka. Musasunge chithunzicho m'kabati mwamdima chikuuma, mafuta amachita chikasu. Chikhale poyera koma dzuwa lisachiwombe. Mukadzafuna kubwera nacho kuno, chichotseni pa felemu ndipo chikulungeni penti ali kunja pa chipaipi chachikulu, poti kukulungira m'kati kumathyola penti. Kunyumba chisadzapachikidwe pakhoma lonyowa nthawi ya dzinja, chingachite chuku kumbuyo. Tizidutswa ta thabwa kuseri kwa felemu tithandiza kuti mpweya uzidutsa.

Mukamaliza kulemba ndi umber, musanaike mtundu uliwonse, chijambuleni masana pafupi ndi zenera munditumizire, tione kaye ngati maso ndi chibwano zakhala m'malo mwake. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mbale wanu.