Kwa mwana wanga ku Mangochi, za mapemphero aja

Mwana wanga,

Uthenga wako ndaumva, koma nkhani yake si yoyankha pa foni mayuniti akutha, n'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba. Ukufunsa ngati iwe, mayi wa Mvano, ungapite kumapemphero opempha mtendere amene amayi a kumzikiti akuitanani, pomwe mkulu wina wa mpingo wakuchenjezani kuti kuwala ndi mdima sizikhalira pamodzi. Ine ndikuti pita. Koma poti tsopano ndiwe mayi wa pakhomo pako, sindingakulamule ngati kale. Imva zifukwa zanga, uziyese wekha.

Mkulu wa mpingoyo usamunyoze. Akuopa kuti mukakasakaniza mapemphero mubwerako osadziwa kuti mumapembedza ndani, ndipo mantha amenewo si achilendo. Pa 27 Okutobala 1986, Papa John Paul II ataitanira atsogoleri a zipembedzo ku Assisi, ku Italy, Akatolika ena anakwiya pa chifukwa chomwechi. Kunafika Asilamu, Ayuda, Abuda, Ahindu, ngakhale a zipembedzo za makolo a kuno ku Africa. Gulu lililonse linayamba lapita pamalo pake kukapemphera mwa chikhulupiriro chake, kenaka onse anakumana pabwalo limodzi, wina akupemphera ena ali chete kumvetsera. Palibe anabatizidwa tsikulo, palibenso analowa Chisilamu. Ukamuuze mkuluyo zimenezi mwaulemu, osati momutsutsa pagulu.

Koma nkhani imene ndikufuna uisunge ndi ya amayi a ku Liberia, chifukwa anali amayi ngati iwe, ambiri ogulitsa pamsika, osadziwika ndi wina aliyense. Nkhondo ya kwawo inayamba mu Disembala 1989, inapumira pang'ono, n'kubukanso mu 1999. Inapha anthu pafupifupi 250,000. Ngakhale tchalitchi sichinali pothawira: mu Julayi 1990 asilikali a boma anapha anthu pafupifupi 600 amene anabisala mu St. Peter's Lutheran, mumzinda wa Monrovia. Ndipo usaganize kuti ochita nkhondowo sankapemphera. Pulezidenti Charles Taylor ankadzitcha Mkhristu, moti mu 2002 anagona chafufumimba pamsonkhano waukulu wa chitsitsimutso, uku anyamata ake akupha anthu. Zigawenga za LURD zimene zinkalimbana naye, ambiri mwa iwo anali Asilamu. Ndiye taganiza mmene zinalili zophweka kuti mayi wa kutchalitchi aone mayi wa kumzikiti ngati mayi wa adani.

Leymah Gbowee, wa mpingo wa Lutheran, anayamba ndi kusonkhanitsa amayi achikhristu okhaokha. Pamsonkhano wina m'tchalitchi munali Msilamu, wapolisi dzina lake Asatu Bah Kenneth. Iye anaimirira nalonjeza kuti akasonkhanitsa amayi achisilamu. Amayi ena achikhristu anang'ung'udza ngati mmene akung'ung'udzira kwanuko, ati chikhulupiriro chisukuluka. Anzawo anawafunsa ngati chipolopolo chimasankha Mkhristu kusiya Msilamu.

Mu Epulo 2003 anayamba kukhala pansi pabwalo lina pafupi ndi msika wa nsomba, m'mphepete mwa msewu umene Taylor ankadutsa ndi mdipiti wa magalimoto ake. Anavala masikipa oyera ndi maduku oyera. Dzuwa linkawathera pomwepo, mvula inkawathera pomwepo, akuimba ndi kupemphera, mpaka Taylor anavomera kuwamva ndi kulonjeza kupita ku zokambirana. Zokambiranazo zinachitikira ku Accra, ku Ghana, ndipo amayi ena analondola komweko. Masabata anatha akuluakulu a nkhondo akudya ndi kugona bwino m'mahotela, kwawo mabomba akugwera anthu. Tsiku lina amayi aja anakhala pansi pakhomo la holo, nakolana mikono, nati palibe atuluke asanamvane. Achitetezo atafuna kumugwira Gbowee, iye anayamba kumasula zovala kuti avule pamaso pawo. Iwe ukudziwa kulemera kwa chinthu chimenecho, pakuti ngakhale kuno mayi akafika povulira anthu ndiye kuti walodza. Mkhalapakati, Abdulsalami Abubakar, amene anakhalapo mtsogoleri wa Nigeria, anaima mbali ya amayi, ndipo amuna aja anabwerera pamipando. Taylor anatula pansi udindo pa 11 Ogasiti, ndipo pangano la mtendere linasainidwa pa 18 Ogasiti 2003.

Sindikuti amayi okha ndiwo anathetsa nkhondoyo. Zigawenga zinali zitafika pakhomo pa Monrovia, khoti linali litamutsegulira kale mlandu Taylor, asilikali osungitsa mtendere ochokera ku Nigeria anali akufika. Koma amayi aja anachotsa chinthu chimodzi m'manja mwa ochita nkhondo: palibe akanathanso kunena kuti akumenyera Yesu kapena akumenyera Allah, amayi a mbali zonse atakhala pa fumbi limodzi kukana.

Ine nkhondo sindinaiwerenge m'buku mokha. Ukudziwa kuti kwathu kuno ku Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire, tsidya linalo ndi Mozambique. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula cha m'ma 1986, anthu a ku Angónia anayamba kuwoloka, ndipo m'dziko muno othawa nkhondo anafika pafupifupi 1 miliyoni. Sanali alendo kwenikweni, chiyankhulo chimodzi, ena mfunda umodzi ndi ife. Iwe usanabadwe tinasunga mayi wina m'khitchini mwathu. Anafika ndi m'phika umodzi, mwana kumsana, mapazi atatupa. Miyezi inatha akugona chitenje chili chomanga m'chiuno, kamtolo kake kali kumutu, kuti kukamveka kanthu angodzuka n'kuthawa. Nsungwi ikaphulika pamoto ankagwetsa chilichonse chimene wanyamula. Madzulo ankapemphera kolona, ine ndikumva kuseri kwa khoma. Sindinamumvepo akupempha kuti Frelimo ipambane kapena Renamo ipambane. Ankapempha kuti abwerere akalime munda wake mvula isanagwe, akaonenso manda a mwamuna wake. Anthu akamanena za ludzu la mtendere mumtima mwa munthu, ine ndimamva pemphero la mayi ameneyo, ndipo sindikhulupirira kuti mayi wachisilamu wothawa nkhondo amapempha china chosiyana.

Nkhondo imeneyonso a mipingo anathandiza kuizimitsa, pamene andale ankaopa kuonedwa akuyankhula ndi mdani. Mu 1989 Akibishopu Jaime Gonçalves wa Katolika ku Beira, Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican ndi anzawo anapita ku Nairobi kukakumana ndi Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa Renamo. Zokambirana zinasamukira ku Rome, kwa gulu la Akatolika lotchedwa Sant'Egidio, ndipo pa 4 Okutobala 1992 Pulezidenti Joaquim Chissano wa Frelimo ndi Dhlakama anasaina pangano la mtendere. Sengulane sanalekere pomwepo. Mu 1995 iye ndi bungwe la mipingo la kumeneko anayamba kulandira mfuti kwa anthu, n'kumawapatsa makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Anangotenga mawu a mneneri Yesaya aja, osula malupanga kukhala zolimira, n'kuwachita ndi manja.

Lero moto uli ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, kuyambira pa 5 Okutobala 2017 pamene zigawenga zinaukira tauni ya Mocímboa da Praia. Kuchokera pa Chiponde kwanuko, ukadutsa chigawo cha Niassa walowa kale m'dera limenelo. Opha anthu kumeneko amatchula dzina la Chisilamu, koma ambiri mwa ophedwa ndi othawa ndi Asilamu, ndipo mashehe a komweko anali atachenjeza kale boma za anyamatawo mfuti isanalire. Amayi amene akuitanani akumva ululu wa nkhani imeneyi mwina kuposa iwe, chifukwa akulira abale komanso akulozedwa chala pamsika. Ku Congo nako asilikali athu ena anafa mu Januwale 2025 pafupi ndi Goma. Maliro amenewo anafika m'midzi yathu yomwe.

Usanyengedwe ndi mawu oti Amalawi ndife okonda mtendere. Chisankho cha 1999 chitatha, mizikiti inatenthedwa kumpoto. Mu 2019 ku Balaka anthu anavulazana pa nkhani ya hijab kusukulu. Chimene chatithandiza n'chakuti kuyambira 1992 tili ndi bungwe la PAC, mmene mabishopu, abusa ndi mashehe amakhala pa tebulo limodzi, ndipo nkhani ya hijab ija anaikambirana mpaka kumvana. Koma a PAC amakumana m'mizinda. Mwala ukaponyedwa pa mzikiti kapena pa tchalitchi usiku, woyamba kuletsa mnyamata ndi mayi wake, ndipo mayiyo amaletsa msanga ngati akudziwa dzina la mayi wa tsidya linalo. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono ukamapita, uyambe wakambirana ndi amuna ako, asamve kwa anthu. Abusa uwadziwitsenso. Vala yunifolomu yako ya Mvano, usabise chimene uli, ndipo nthawi yanu ikafika upemphere m'dzina la Yesu monga umachitira masiku onse. Iwo akamachita duwa, khala chete mwaulemu. Usapite kukatembenuza munthu kapena kukatsutsana za Utatu, tsiku lake si limenelo. Ngati kuli kuphika, nkhuku azinge Msilamu kuti onse adye ndi mtima umodzi, ndipo musaike msonkhano Lachisanu masana kapena Lamulungu m'mawa.

China chimene chikundidetsa nkhawa ndi mavidiyo amene mumatumizirana pa WhatsApp, a nkhondo za ku Gaza ndi kwina, ena akulemba m'munsi kuti Mulungu akukantha adani ake. Ndinaona kuti mlongo wako anatumiza imodzi pagulu la banja, ndipo ndamuyankhula. Mwana wokwiririka ndi nyumba si mdani wa Mulungu. Ukaona zotere usatumize kwa wina, ndipo ngati wotumizayo ndi wa mumpingo mwanu, mufunse pambali ngati angaonetse vidiyoyo kwa mayi wa mwanayo.

Mukatha kupemphera musabalalike chabe. Gwirizanani kanthu kochita limodzi, ngakhale kukaona odwala kuchipatala kamodzi pamwezi, ndipo mupatsane manambala a foni. Ukandiuze mmene zayendera komanso zimene mkulu wa mpingo uja wayankha. Bambo ako akupereka moni, mwendo uja ukupezako bwino. Undiperekere moni kwa apongozi anga ndi adzukulu. Mbatatesi ndikutumizira pa basi ikangokumbidwa.

Ndine mayi ako.