Kwa makasitomala athu: kusintha pa intaneti ya madzulo

Okondedwa makasitomala,

Ndalemba kalatayi mtima uli wolemera. Intaneti imene timakugulitsani nafenso timachita kugula kwa kampani yaikulu, ndipo imafika kuno kudzera m'zingwe zochokera kunyanja, zodutsa ku Tanzania ndi ku Mozambique. Mtengo wake amauwerengera mu madola. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, sitinapumepo. Mwezi uno atikwezeranso osatichenjeza n'komwe, angotumiza bilu. Ndinapita kukadandaula, ndinangobwerako chimanjamanja. Magetsi akazima timayatsa jenereta, mafuta ake ndi amene mukuwadziwa aja, ndipo miyezi ina anyamata okwera m'mapolo ndawalipira ndi ndalama za m'thumba mwanga.

Kukukwezerani mtengo sindinafune. Vuto lenileni lili madzulo, pamene chingwe chathu chimadzaza. Anthu ochepa otsitsa mafilimu pa torrent (njira yogawana mafayilo aakulu pakati pa makompyuta) ndi makompyuta okoka ma update a Windows amatenga gawo lalikulu, pamene mayi akuyankhula pa WhatsApp ndi mwana wawo ali ku Joni mawu akungoduka.

Choncho tayika makina ozindikira mtundu wa zimene zikudutsa. Chonde mundimvetse bwino apa: mauthenga anu sitiwawerenga, ndi okhomedwa, ngakhale titafuna sitingathe. Makinawa amangoona mayendedwe, monga mmene mumazindikirira m'bale wanu ali patali nkhope musanaione. Kuimba pa WhatsApp kapena pa Zoom kumatumiza timaphukusi ting'onoting'ono motsatizana osalekeza. YouTube imakoka mulu waukulu, kenako n'kupuma, n'kudzakokanso. Torrent imalumikizana ndi makompyuta ambirimbiri nthawi imodzi. Nthawi zina makinawa amaphonya, makamaka kwa ogwiritsa VPN (pulogalamu yobisa zimene munthu akuchita pa intaneti), chifukwa zawo zonse zimadutsa mu njira imodzi yobisika. Zikakuchitikirani, tiuzeni.

Kuyambira pa 1 mwezi wamawa, kuchokera 6 koloko madzulo mpaka 10 koloko usiku, kuimba ndi misonkhano ya pa Zoom zizikhala patsogolo, makanema azitsika pa 480p (ndiye kuti sazioneka bwino kwambiri ngati kale), torrent ndi ma update azichedwa. Mtengo sukusintha.

Ndikudziwa kuti pali kwina kumene mungapite. Ena mwa inu munayamba nafe tili ndi mlongoti umodzi wokha, ndipo ndikukupemphani, musatisiye pa nthawi ino. Zikomo kwambiri chifukwa chotikhulupirira.

Ine wanu,
Mwini kampani