Swichi ya lockup isalumikizidwe ku batire mwachindunji

Akonzi,

Ndine mmisiri wa zamagetsi a galimoto, ndipo ndalemba kalatayi chifukwa miyezi yapitayi ndalandira galimoto zingapo za otomatiki, makamaka Hilux Surf ndi Prado zakale zochokera ku Japan, zomwe eni ake anaziikitsa swichi ya lockup, yokhomera pamanja torque converter (chipangizo chomwe chili pakati pa injini ndi giyabokosi), koma mawaya ake analumikizidwa mwanjira yoopsa.

Ndiyambe ndi kunena kuti maganizo oika swichiyi ndi abwino ndithu. Mu giyabokosi ya otomatiki, injini simakoka magiya mwachindunji. Imazunguza oilo mkati mwa torque converter, ndipo oiloyo ndi amene amakankha mbali inayo, yomwe imazunguza magiya. Nthawi zonse pamakhala kuterereka pang'ono, ndipo kutererekako kumasanduka kutentha. N'chifukwa chake opanga galimoto anaikamo kilachi ya lockup yomwe imamanga mbali ziwirizo kuti zizizungulira limodzi. Kampani ya galimoto ya ku America ya Packard inali nayo kale mu 1949, ndipo inzake ya Chrysler inaibwezeretsa mu 1978 mafuta atakwera mtengo. Vuto ndi lakuti kompyuta ya galimoto imamasula kilachiyi mukangoponda mafuta mwamphamvu, nthawi yomwe mukuifunitsitsa, monga pokwera chitunda cha Chiweta kapena cha Khwekhwerere mutadzaza katundu. Amene anafikapo pamwamba pa zitunda zimenezi n'kumva fungo la oilo wopserera akudziwa zomwe ndikunena.

Chomwe ndikudandaula nacho ndi kalumikizidwe kake. Pa galimoto ina yomwe inabwera sabata yatha, mmisiri wina anatenga waya ku batire, n'kudutsitsa pa swichi yotchipa, n'kukapiringiza pa waya wa solenoid (valavu yamagetsi yomwe imachititsa kilachi ya lockup kugwira) popanda fyuzi, ndipo polumikizirapo anangokulungapo pepala la pulasitiki. Waya ameneyu anadutsa pafupi ndi ekizozi ndipo khungu lake linali litayamba kale kusungunuka. Mwini galimotoyo, bambo wachikulire amene amanyamula feteleza, anandiuza kuti akamayandikira mphambano galimoto inkanjenjemera ngati ikufuna kuzima, chifukwa ankaiwala kuzimitsa swichi ija.

Kalumikizidwe koyenera sikodula. Magetsi atengedwe pa waya amene amakhala ndi moto pokhapokha kiyi akayatsidwa, adutse pa fyuzi yaing'ono, kenaka pa swichi, ndipo asanafike ku solenoid adutse pa relay (swichi yoyendetsedwa ndi magetsi) yomwe imadula magetsiwo dalaivala akangoponda buleki. Relay imeneyi ndiyo chinthu chachikulu pa ntchito yonseyi, pakuti phazi limafika pa buleki munthu asanakumbukire swichi. Waya wochokera ku kompyuta usalandire magetsi obwerera. Apa pamafunika diode (kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha), kapena relay ina yolekanitsa njira ziwirizo, ndipo ngati kompyuta yachotsedwa pa solenoid, pamafunika resistor (kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa) m'malo mwa solenoid, kuti kompyutayo isaganize kuti waya waduka n'kuyamba kuphethiritsa nyale ya pa dashibodi ya O/D OFF posonyeza vuto. Ine ndimaikanso kanyale kofiira pa dashibodi kosonyeza kuti lockup yagwira.

Ndisanagwire waya aliyense ndimayeza kaye solenoid. Pa giyabokosi ya A340 ya magiya anayi, yomwe ili mu Surf ndi Prado zambiri zakale, solenoid ya lockup imakhala ndi ma ohm (muyezo wa mmene chinthu chikukanizira magetsi kudutsa) pakati pa 11 ndi 15, ndipo imangoyaka kapena kuzima, choncho 12 volts siyiivulaza. Koma mu giyabokosi zatsopano, monga A750F ya magiya asanu, kompyuta imapereka magetsi pang'onopang'ono kuti kilachi igwire mofewa, ndipo kuikapo 12 volts mwachindunji kungathe kuotcha solenoid. Galimoto zoterezi ndimazibweza, ngakhale mwini wake atandinyengerera bwanji.

Kwa madalaivala amene ali nayo kale swichiyi, ndikupempha kuti asayatse swichiyi pamene injini ikadali yozizira kapena ikuzungulira pang'onopang'ono, ndiponso aizimitse asanasinthe giya pa chitunda, chifukwa kugunda konse komwe oilo akanameza kumapita ku kilachi ndi ku magiya. Ndipo amene sakudziwa mmene yawo inalumikizidwira apite kwa mmisiri kuti mmisiriyo akayatse swichi, aponde buleki, n'kuona ndi mita ngati magetsi akuduka pa waya wa solenoid.

Ine wanu,
Mmisiri wa zamagetsi a galimoto,
Blantyre