Kwa mnzanga ku Cape Town, za kapinga uja

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Kuno ku Mulanje tili bwino ndithu, mvula yayamba ndipo chimanga chamera. Alamu anu akupereka moni.

Uthenga wanu ndaulandira. Mwati kapinga wa pamalo pomwe mukugwira ntchito akufiira chonsecho mumathirira madzulo alionse, ndipo abwana ayamba kudandaula za bilu ya madzi. Ndinakumverani chisoni, poti inenso zinandionekera chaka changa choyamba kugwira ntchito kumeneko. Ife tinazolowera kuti Disembala ndi mwezi wa mvula, pomwe kumeneko mvula yambiri imagwa kukamazizira, cha mu Juni ndi Julayi. Panopa mpaka Febuluwale ndi dzuwa loswa mtengo lokhalokha, kuphatikizapo chimphepo chochokera kummwera chakummawa chija, chimene chimaumitsa nthaka ngati mbaula.

Chikukupwetekani ndi kuthirira tsiku ndi tsiku komweko. Madzi owazawaza amangonyowetsa pamwamba, ndiye mizu nayo imangokhala pamwamba pomwepo, poti ikasowanji pansi? Dzuwa likafika paliwombo imapsa. Muzithirira kawiri pa sabata, koma madziwo alowe ndithu, kuti mizu iziwatsatira pansi pomwe chinyezi chimakhalitsa. Ngati nthaka yake ndi yamchenga, monga malo ambiri kumeneko, pangani katatu, chifukwa mchenga susunga madzi.

Mudziwa bwanji kuti akwana? Tengani zitini za nsomba zinayi kapena zisanu, muziike apo ndi apo pakapingapo, kenaka tsegulani sprinkler, chowazira madzi chija, n'kuyang'ana wotchi. Kapinga amafuna madzi okwana mamilimita pafupifupi 25 pa sabata. Mukaona mphindi zomwe zatenga kuti madzi afike theka la mlingo umenewo m'zitinimo, basi, nthawi yanu yothirira ndi yomweyo ngati mukuthirira kawiri pa sabata. Zitinizo zikuonetsaninso mbali yomwe ikumanidwa madzi. Ndipo musapeputse: mamilimita 25 pamalo a mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi ndi malita 2,500. Ndiye sprinkler asamanyowetsenso mpanda ndi msewu wa galimoto ya abwana.

Nthawi yabwino ndi mbandakucha, mphepo isanadzuke. Masana madzi ambiri amangouluka, pomwe madzulo udzu umagona wonyowa n'kugwidwa matenda a nkhungu. Mufunsenso maola omwe khonsolo ikuloleza panopa, poti malamulo ake amasintha.

Kwezaninso mpeni wa makina otchetchera. Kapinga wometedwa mpala sachedwa kupserera, pomwe wamtaliko amaphimba yekha nthaka yake. Ine ndisanatsegule mpopi ndinkayamba ndayenda pakapingapo. Udzu ukadzuka pomwe ndaponda, ndinkausiya tsiku limenelo. Mapazi akatsala akuoneka, ndiye kuti ludzu lafika.

Nkhani ya madziyi imandikhudza chifukwa cha zomwe ndinaona mu 2018, inu musanabwere. Damu lalikulu la Theewaterskloof, lomwe limapereka madzi ku Cape Town, linatsala pang'ono kuuma, ndipo munthu mmodzi ankaloledwa malita 50 okha patsiku. Kuthirira ndi madzi a pampopi kunaletsedwa. Tinkasamba titaima m'beseni, madziwo n'kukathira patsinde pa mitengo. Kapinga yense anafiira ngati wawauka, ine n'kumati ntchito yanga yathera pomwepo. Mvula itangobwera, kapinga wa mtundu wa kikuyu uja anaphukanso. Choncho akafiira pang'ono musataye mtima, kapinga wa kikuyu ndi wa buffalo safa msanga. Abwanawo muwafotokozere bwinobwino zimenezi, kuopa angamaganize kuti mukuchita ulesi akaona masiku ena payipi ili yopinda.

Pakatha masabata atatu munditumizire chithunzi pa WhatsApp ndione mmene zasinthira. Anyamata onse a kwathu amene mumakumana nawo kutchalitchi muwapatse moni, ndipo mundiuze ngati mubwera pa Pasaka kuti ndikusungireni chimanga chachiwisi.

Ndine mnzanu wakale uja.