Matayala opanda chubu asasankhidwe poona kupepuka kokha

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga opalasa njinga zothamangira m'mapiri, makamaka achinyamata amene ndimakumana nawo m'tinjira ta paphiri la Zomba, pa nkhani ya matayala opanda chubu. Ambiri akuwafuna chifukwa aona akatswiri a mpikisano wa Cape Epic ku South Africa akuwagwiritsa ntchito, koma chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti pogula akungofunsa kuti tayalalo likulemera magalamu angati.

Ubwino wa matayalawa sindikuutsutsa. Kuyambira mu 1999, pamene makampani a Mavic, Michelin ndi Hutchinson anatulutsa matayala ndi malimu osafuna chubu a mtundu wotchedwa UST, zaoneka kuti tayala likagwirana bwino ndi limu, mpweya sutuluka ngakhale mulibe chubu. Masiku ano mkati mwake timathiramo madzi a labala, ndipo munga wa mthethe ukaboola, mpweya umakankhira madziwo pabowo n'kuuma pomwepo, munthu akupalasabe. Phindu lina n'lakuti ungathe kuchepetsa mpweya kufika pa 22 kapena 25 psi (muyeso wa mphamvu ya mpweya m'tayala) popanda mantha oti chubu chipanikizika pakati pa mwala ndi limu n'kuboka pawiri. Tayala lofewa chotere limagwira nthaka pokhota ndi pokwera chitunda.

Koma madzi a labala amatseka kabowo ka munga, satseka chilonda cha mwala. Matayala opepuka kwambiri, okhala ndi m'mbali mopyapyala, anapangidwira anthu opikisana kwa ola limodzi ndi theka panjira yozungulira, pamene amakaniko amawadikirira ndi mawilo ena. Ife tilibe wotidikirira. Ine ndinang'ambitsa tayala lotero m'mbali ndikutsika pamiyala yakuthwa, madzi onse anathera pansi, ndipo ndinakankha njinga mpaka dzuwa kulowa. Kuchokera tsiku limenelo ndimagula lokhala ndi nsalu yolimbitsa m'mbali, monga imene kampani ya matayala ya Maxxis imaitcha EXO, ndipo magalamu owonjezerekawo sindiwamva n'komwe pokwera phiri.

Pa kukula kwake, tayala la mainchesi 2.25 mpaka 2.4 m'lifupi ndi lokwanira, malinga ngati likulowa bwino mufelemu. Kutsogolo kuikidwe la mano akuluakulu m'mbali, chifukwa gudumu lakutsogolo likaterereka munthu amagwa chafufumimba, pamene kumbuyo kungakhale la mano aafupi lothamanga. Nyengo ya dzinja, dothi lakatondo likamata, pamafunika mano otalikirana kuti matope azithothoka okha.

Ndikupemphanso ogulitsa kuti azinena chilungamo pa za limu. Si limu iliyonse imene ingagwire tayala lopanda chubu. Pamafunika yopangidwira ntchitoyo, tepi yotseka mabowo a masipoko, valavu yakeyake, ndiponso tayala lolembedwa TR kapena TLR m'mbali, kusonyeza kuti linapangidwira kuyenda popanda chubu. Kukakamiza tayala wamba n'koopsa, pakuti lingavuke pa limu munthu ali pa liwiro potsetsereka.

Madzi a labala nawo ali ndi mtengo wake umene wogula ayenera kuudziwiratu. Tayala limodzi la gudumu la mainchesi 29 limafuna mamililita pafupifupi 90, ndipo madziwo amauma m'miyezi yochepa, makamaka kukatentha ngati mu Okutobala. Sapezeka m'sitolo iliyonse, choncho amene sangakwanitse kumawonjezera kawirikawiri ndi bwino akhalebe pa chubu, chimene mmisiri aliyense wa pamsika angathe kumata.

Ngakhale amene wasamukira ku matayala atsopanowa asasiye chubu ndi pampu kunyumba. Tsiku limene chubucho chidzafunike, ayambe wapapasa mkati monse mwa tayala ndi zala, chifukwa minga yonse imene labala anaitsekera m'miyezi yapitayo imakhala idakali momwemo, ndipo idzaboola chubu chatsopanocho asanayende n'komwe.

Ine wowerenga wanu,
Wopalasa njinga wa ku Zomba