Tisaope inhela, tiphunzire kuigwiritsa ntchito

Akonzi,

Tiloleni tilankhule ndi makolo ndi onse odwala mphumu kuno ku Lilongwe. Mu Juni ndi Julaye ana ambiri amachezera usiku ali chikhalire, pachifuwa pakulira ngati mluzu, m'mawa n'kujomba kusukulu. Kuzizira kukatha kumabwera fumbi ndi utsi wa matchire ndi zinyalala zowotcha. Mbaula yolowetsa m'nyumba usiku ndiye yoipitsitsa.

Chimene chimatiwawa ndi mantha amene anthu ali nawo pa inhela, kachida kopopera mankhwala a mphumu. Ati ukayamba sumasiya, ati ndi ya amene matenda awo afika posauzana. Si zoona. Mphumu imatupitsa ndi kufinya njira za mpweya, ndipo mankhwala opopera amakafika pomwepo, pamlingo wochepa kuposa wa mapiritsi.

Inhela yabuluu, ya mankhwala a salbutamol, imatsegula njirazo munthu akabanika. Yabulauni, beclomethasone, imaphwetsa kutupako, ndiye ndi ya tsiku lililonse ngakhale mukupeza bwino. Mukapopa chukuchani mkamwa kuopa zilonda zoyera. Ambiri amaisiya poti samva kusintha nthawi yomweyo, kenako yabuluu n'kumatha msangamsanga. Amene akufuna yabuluu koposa kawiri pa sabata abwerere kuchipatala.

Popopera mkamwa mwachindunji, mankhwala ambiri amangothera pa lilime ndi kukhosi. Popewa zimenezi, tengani botolo lapulasitiki la 500ml, litsukeni ndi sopo, liume lokha osapukuta. Boolani kunsi kwake bowo loti inhela ilowe mothina. Khutchumulani inhela, popani kamodzi m'botolomo, wodwala apume kasanu atavumata kukamwa kwa botolo, ndiyeno mubwereze. Kupopa kawiri nthawi imodzi n'kutaya mankhwala. Kamwana kolephera kuvumata botolo kamafunika masiki yapadera yolumikiza ku botolo, funsani anamwino.

Wodwala akabanika mkhazikeni tsonga, musamugoneke. Wa zaka 6 kupita m'mwamba mpopereni yabuluu ka 4 mpaka ka 10, wocheperapo ka 2 mpaka ka 6, n'kubwereza pakatha mphindi 20. Ngati akulephera kumaliza chiganizo, nthiti zikulowa mkati, milomo yasintha mtundu, kapena khanda likulephera kuyamwa, musadikire kuti kuche. Thamangani naye ku Kamuzu Central kapena chipatala chapafupi, mukumupoperabe m'njira.

Aphunzitsi, mphumu si yopatsirana, musamupatule mwanayo, ndipo muloleni azisewera ndi anzake. Inhela yake izikhala m'chikwama chake, osati mu ofesi yokhoma.

Ife ogwira ntchito zaumoyo,
Lilongwe